Oilo m'Bowo la Magetsi

Makaniko anazula chingwe chotchajira galimoto, oilo akudontha.

"Ndani wathira oilo m'bowo la magetsi? Galimoto iyi siimwa oilo, bwana. Yawonongeka."

Agogo anaima pambali akumvetsera. Mwana wawo, mwini galimotoyo, anatembenukira mkazi wake. "Si ndiwe unayenda nayo dzulo?"

"Ndiye ndapenga ine?"

Agogo anafinya kabotolo kopanda kanthu m'thumba la juzi. Galimoto ya petulo ya malemu amuna awo inatha zaka makumi awiri chifukwa ankaimwetsa oilo. Koma iyi, chaka chathunthu osailawitsa ngakhale dontho. Anachenjeza mpaka pakamwa kuuma, ana n'kumangoseka.

Mpongozi wawo anayamba kulengeza misozi.

"Musiye mwana wa eni," anatero agogo. "Ndinkaopa kuti ifa ndi ludzu."