Khoko la Lalanje

"Kodi galuyu amaluma?" anafunsa Nélida ali pakhomo.

Galuyo anangomudutsa, n'kukagona pamapazi pa bambo ake a Nélida, don Eusebio. Agalu amakondadi fungo la nkhalamba, anatero mumtima Nélida.

Iye sankafuna kugona panyumba ya alendo imeneyi, yamakoma adothi, kutali ndi tauni ya Malargüe. Koma bambo akewo, amene sanayankhule chichokereni m'mawa, anayamba kubuula msana chikwangwani cha nyumbayi chitangoonekera. Mwezi wa Epulo unali kumapeto, masamba achikasu a mitengo ya alamo ali mbwee pabwalo, mphepo ya kumapiri ikulowa mpaka m'mafupa. Nélida anagonja. Tsiku limodzi lokha. Mawa akawatula ku San Rafael, kunyumba yosungira okalamba. Iye anali atawauza bambo akewo kuti ulendowu ndi wokaona minda ya mphesa.

M'khitchini, mwini nyumbayo, doña Herminia, anali atatereka kale ketulo. Anadzaza chikho ndi masamba a mate, tiyi wa kumeneko, n'kuyamwa koyamba okha ndi kampope monga amachitira wothira aliyense. Kenako anacheukira Nélida.

"Inu mumamwa wowawa kapena wotsekemera?"

"Wowawa."

Itafika nthawi ya don Eusebio, mayiwo sanafunse n'komwe. Anangoponyamo khoko la lalanje louma ndi kashuga, n'kupereka chikho osawayang'ana. Nélida anamwetulira. Ngakhale munthu wosawadziwa ankatha kuona kuti awa si ofunsanso.

Pamwamba pa chitofu panali chithunzi choda ndi utsi, cha mtsikana wovala gauni ya kuyunivesite.

"Mwana wanu uyo, mayi? Nanenso ndinavalapo," anatero Nélida mokweza. "Koma bambo angawa sanabwere, ati anali pamsewu. Zaka makumi anayi akuyendetsa lole, kwathu ankangobwera kudzachapitsa malaya. Amayi anga anamwalira maso ali pawindo. Ndiye lero ine ndiziwasambitsa? Mawa ndikawasiya, azikawadyetsa ndi sipuni kumeneko."

"Choncho?" anatero doña Herminia.

"Musaope, sakumva kanthu. Mutu unapita kalekale. Eti ababa? Mawa tikaona mphesa!"

Don Eusebio anayamwa mpaka chikho chinalira. Kunyumba mate wa shuga ankamulavula, koma lero ngakhale zimenezo anali ataiwala. Dzanja lawo linkaseweretsa kakiyi kadzimbiri kamene kanakhala m'thumba mwawo kuyambira Nélida ali mwana, kosatsegula chitseko chilichonse kwawo. Nélida anakhutira ngati wadya. Zaka zonsezi ankadikira tsiku loti awasiye pakhomo monga iwo ankamusiyira, iyeyo akuliza galimoto.

"Kiyi wa chipinda chanu ali pamsomali apo, pafupi ndi chithunzicho," anatero doña Herminia. "Tengani nokha."

Nélida ananyamuka. Atafika pafupi anaona kuti mtsikana uja sanali yekha. Pambali pake panaima bambo wovala jekete, atamugwira paphewa, akuseka mano onse pamtunda, kuseka kumene Nélida sanakuonepo kwawo. Koma chipewa cha bambo ake anachidziwa, ndi chipsera cha pachibwano chomwe.

Kumbuyo kwake loko analira. Don Eusebio anali atatsegula chitseko cha chipinda cha mwini nyumba ndi kakiyi kawo kaja, galu ali patsogolo.

"Sutikesi yanga unditsitsire, Nélida," anatero ndi mawu omveka bwinobwino. "Ine nditsala kuno."