Nswala Kumapeto kwa Munda wa Thonje

A Gideon, alamu anga, amene mwandimanga ndinu. Mng'ono wanu Jairos tinamuika m'manda zaka zitatu zapitazo, koma mpaka lero mukukana kundisudzula. Kwathu ku Malama sindingabwerere, banja lina sindingalowe. Ndimangolima thonje lanu, kansalu kakuda kali kumutu.

Lero m'mawa masikauti oteteza nyama zakutchire anapeza nswala itakodwa m'waya kumapeto kwa munda. Anandiitana kuti ndinene amene anatchera. Sindimudziwa.

Nswalayo inali yamoyo. Inagona pansi, maso ali tong'o, osaphupha ngakhale pang'ono. Udzu wozungulira mtengo umene anamangirirapo wayayo unali utatha ndi kupondapondapo.

"Yatopa kodi?" ndinafunsa.

"Ayi mayi," anatero Florence, sikauti wamkazi. "Yaona kuti ikakoka, waya umalowa m'khosi. Ndiye yangoti phee. Wodutsa angati ndi yofatsa."

Kenako anandiyang'ana. "Mayi, chakulumani n'chiyani pamenepo?"

Ndinapeza dzanja langa litagwira pakhosi panga zolimba. Sindinalitume ine. Mutu unali usanaganize kanthu, koma thupi linali litazindikira kale.

Florence anadula wayayo. Nswala inadzuka, miyendo njenjenje, n'kulowa m'tchire.

Ine ndinatola khasu n'kubwerera pamzere wa thonje lanu.

Nyama ya boma ili ndi anthu oyenda mtunda wonsewu kudzaimasula. Nanga ine, amene mumandiyamikira kutchalitchi kuti ndine wofatsa? Musanditumizirenso mkazi wanu ndi mawu ozuna. Bwerani nokha, muime pakhomo pano, mundiyankhe: mundisudzula liti?