Msewu wa Ovota Inde

Chitsegulireni msewu wa phula, a Chimtengo ndi akazi awo a Nangozo sanayendenso phewa ndi phewa. Pa chisankho cha msonkho wa pamsika womangira msewuwo, mayiwo anavota inde, bambowo ayi. Lamulo linali lakuti wovota ayi asapondepo, ndipo ankadziwika ndi inki yofiira yosafufutika pachala.

Popita kutchalitchi, a Nangozo ankayenda paphula, amuna awo m'ngalande, akucheza mokweza mawu. Nthawi ya mvula mayiwo ankawanyamulira nsapato kuti zisade ndi matope.

Lachiwiri lina masana, a Chimtengo anagwa m'dimba atagwira pachifuwa. Ambulansi inafika msanga, poti msewu unali wosalala. Dalaivala anatembenuza dzanja la wodwalayo n'kuyang'ana chala.

"Awa sakwera, mayi."

"Sapondapo, achimwene! Agona pamachira."

"Kulemera kwawo kukhala paphula. Kwerani inuyo, mukawafotokozere adokotala mmene akumvera."

A Chimtengo anayesa kumwetulira. "Pitani, Nangozo. Munauvotera."

Anakwera. Ulendo umene kale unkadya theka la tsiku unatha asanapukute misozi. Dokotala anamvetsera mwaulemu, n'kuwapatsa mapilitsi m'kapepala.

Pobwera anapeza amuna awo atawafunditsa kale chitenje mpaka kumaso. Mng'ono wa malemuwo anali chiimire pambali, khasu lili m'manja, akuyang'ana kumanda, tsidya lina la msewu.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "nanga tiwawolotsa bwanji?"