Kasmidi ndi njiwa yake ya pa waya

Panali munthu wina kwathu kuno ku Bantul, dzina lake Kasmidi. Ankaweta njiwa yoyimba, yopita nayo ku mipikisano ya kuyimba kwa mbalame. Njiwayo ankaisambitsa m'mawa uliwonse, mapira ake ochita kusankha. Koma mkazi wake Tumirah akadwala, ankangomuuza kuti amwe tiyi.

Kutatsala masiku awiri kuti mpikisano uchitike, Kasmidi anaiwala kutseka khola. Njiwa inatuluka n'kukatera pa waya wa magetsi, wapamwamba uja wodutsa kuseri kwa mzikiti.

Bamboyo anathamangira kwa apongozi ake, n'kusolola paipi yachitsulo yoyanikapo zovala. Osapempha, osapereka ndi moni womwe. Mpaka lero paipiyo sinabwezedwe. Kunsonga kwake anapaka ulimbo.

"Bambo a Darti, isiyeni," anatero Tumirah. "Ikamva njala ibwera yokha. Mawaya awo amapha."

"Amapha ndani? Njiwa yangayo yaterapo, yafa?"

"Iyo ndi mbalame. Inu muli ndi nthenga?"

"Za mbalame uzidziwira kuti iwe? Kaone mpunga ukupserera."

Kasmidi anakwera padenga la mneba n'kutukula paipi. Paipiyo sinafike n'komwe pa waya. Moto unachita kudumpha wokha, phuu! Mudzi wonse magetsi zii, Kasmidi uyo m'dziwe la milamba la mnebayo, chitenje chimene anavala m'chiuno chili pamtengo wa papaya. Ena anayamba kuseka, koma ataona dzanja analeka.

Anatsitsimuka kuchipatala patapita masiku atatu, zala zitatu za kumanja madokotala atazidula. Poti kumanzere kunali kopuwala chibadwire, dzanja lodalira linali lomwelo. Mawu ake oyamba:

"Njiwa yanga?"

"Inabwera yokha madzulo omwewo," anatero Tumirah. "Inalowa m'khola, n'kudya, n'kugona."

Tsono njiwa zimenezi zimayimba mwiniwake akazilizira zala. Kasmidi atatuluka anaima pakhola kuti alize zala, zala palibe. Njiwa inangomuyang'ana. Tumirah akudutsa ndi mtanga analiza zake kamodzi, njiwa n'kuyamba kuyimba mpaka aneba kusuzumira.

Pano kumipikisano amapita ndi Tumirah. Kasmidi amanyamula khola.

Phunziro: Waya wa magetsi sudikira kuti uukhudze, ukangoyandikira ndi chitsulo umakupeza wokha. Chakodwa pa waya, kaya mbalame kaya chovala, chisiyeni kapena itanani a magetsi. Ndipo mkazi akati "isiyeni", isiyeni. Tumizani uthengawu kwa abambo onse a m'banja mwanu zala zikadali khumi.