Mtengo wa Mabuleki

Tayala lakutsogolo la njinga litaima pamphepete pa phompho pamwamba pa phiri, mphunzitsi watsopano wa m'deralo anangoti kukamwa yasa. Mitambo inali pansi pa mapazi ake. Kabawi ankauluka m'munsimo, iye n'kumamuona kumsana.

Kumene anachokera kunali chidikha chokhachokha, phiri lalikulu linali chulu.

"Aneba, nyumba yanga ili pati?" mphunzitsiyo anafunsa makaniko woyandikana naye nyumba, amene anakwera naye kuno, aliyense panjinga yake.

"Kadontho kowala ako. Ndi malata anu amenewo."

Patsogolo pawo njira inagawikana. Ya kumanzere inkatsika mwaulemu m'mapaini. Ya kumanja inkangogwera m'mitambo, ndipo pamtengo wa poyambira pake panalendewera timphira tambirimbiri ta mabuleki, totha mpaka chitsulo, tikugundana ndi mphepo.

"Yokondedwa ndi iyi, eti? Taonani mmene aikongoletsera."

Makaniko anaseka mpaka kutsamira chishalo. "Kukongoletsa? Aliyense amene njirayi yamudyera mabuleki amabwera kudzawapachika pano. Anga ndi apamwambawo. Dzino lokha ndinalisiya kumunsi."

Anatsegula pakamwa, gweru n'kuonekadi.

Mphunzitsi anafinya mabuleki ake. Anali atsopano, okhuthala, osalawapo phiri. Kenako mphepo inang'amba mtambo, kanjira kofiira kanaonekera, kakupindikapindika mpaka kumtsinje wonyezimira ngati lumo.

"Tidzere ya mapaini, aphunzitsi. Lolemba ana akukufunani ndi mano onse."

Iye anayang'ananso mtengo uja, n'kuloza kanthambi kopanda kanthu.

"Aka mundisungire," anatero, n'kuponda pedulo kulowera ya kumanja.