Mtsempha wa a Gomani

Mwamva zomwe anthu akunong'onezana pa mjigo? Akuti Nasiwelo akufuna kupha amuna ake, a Gomani.

Pajatu masiku ano wodwala mtima amapatsidwa mtsempha wapulasitiki kuti akauviike kunyumba sabata yathunthu m'mankhwala oupangitsa kuterera, adokotala asanauike m'thupi mwake. Ukapanda kuterera, magazi amaundana momwemo, munthu n'kufa. Ndiye Nasiwelo, mayi waukhondo uja, atagwira mtsempha wa amuna akewo n'kumva ukunanda ngati therere, anaukwecha ndi phulusa mpaka mbee.

Mlamu wake Esinati anaupeza pa thandala, ukuuma pamodzi ndi mbale.

"Mlamu, mwachotsa mankhwala onse. Chimenechi ndiye awaike achimwene mawa?"

"Nanga ndikanawasiyira chonanda, chauve?"

"Wauve ndinu. Mukufuna afe mukwatiwenso, tikudziwa."

Nasiwelo anauchotsa pa thandalapo. Anauviikanso, koma mankhwala otsala sanaumize n'komwe, ndipo kuchipatala sapereka kawiri. A Gomani ali gone m'nyumbamo, akupuma mobanika, sakudziwa kanthu za zimenezi.

Inuyo mukanakhala Nasiwelo, mukanawauza amuna anu, kapena mukanangoupereka kwa adokotala mawa uli choncho?