Feteleza Wokana Kusungunuka

Panali munthu wina ku Area 14 mu Lilongwe, dzina lake bambo Lawford Zikhale. Ankagwira ntchito ku Capital Hill, ndipo kwawo ku Mitundu anali ndi munda waukulu umene unkadyetsa mayi awo okalamba, mlongo wawo wamasiye ndi ana ake asanu. Bambowa anali munthu wosafuna kuuzidwa. Akanena, anena.

Loweruka lina mu Disembala, akugula zinthu ku Area 1, anakumana ndi mwamuna wina wovala bwino, wolankhula mokoma, amene anati dzina lake ndi Clive.

"Bwana, ndili ndi feteleza wobereketsa, yuriya weniweni. Mtengo wake ndi theka la wa m'sitolo. Ndikubweretserani mpaka pakhomo."

Bambo Lawford sanafunse zambiri. Masana omwewo Clive analowa pageti ndi galimoto yonyamula matumba makumi awiri.

Pakhomopo pankagwira ntchito a Jobu, bambo wa imvi wochokera ku Nsaru, amene anasamala maluwa ndi kapinga wa panyumbayo kwa zaka khumi ndi ziwiri. Akutsitsa matumba aja, anapisa dzanja m'thumba limodzi lomwe linali long'ambika pakona. Anafikisa timibulu ta fetelezayo ndi zala, nkhope n'kusintha.

"Bwana, musanamulole munthuyu kupita, ndipatseni mphindi zisanu."

"Zachiyani?"

"Tiwafunse madzi za fetelezayu."

A Jobu anatenga botolo loonekera mkati, kuthiramo madzi a pampopi, kuponyamo feteleza wodzaza dzanja, n'kukhutchumula. Madzi anachita mbuu pang'ono, kenako anayera. Pansi panakhazikika timiyala toyera, pafupifupi tonse tija anathiramo.

"Mwaona? Yuriya weniweni amasungunuka yense ngati shuga mu tiyi, ndipo botolo limazizira m'manja. Gwirani ili. Silinazizire n'komwe."

Clive anaseka. "Madala, madzi achepa. Madzi ali ndi malire ake, akakhuta sasungunulanso kanthu. Munapitako kusukulu inu?"

"Zoti madzi amakhuta n'zoona," anayankha a Jobu. "Koma sangakhute ndi dzanja limodzi la yuriya. Chabwino, tiwonjezere."

Anakhuthulira zonse mu ndowa, n'kudzaza madzi. Anatakasa ndi mtengo. Timiyala tinangozungulira n'kukhalanso pansi. Anapita kukhitchini kukatenga madzi otentha m'ketulo, poti otentha amasungunula msanga. Anathiramo, n'kutakasanso mpaka thukuta. Timiyala tili phee.

"Uwu ndi mchenga wa kudambo, bwana. Angouwaza feteleza pang'ono kuti uzinunkhira."

"Ndi mtundu watsopano wochokera kunja," anatero Clive. "Umasungunuka pang'onopang'ono m'nthaka, miyezi itatu. Anthu akumudzi sangaudziwe. Koma bwana, ngati pakhomo pano amalamula ndi wam'maluwa, ndiuzeni ndinyamule katundu wanga."

Mawu amenewo anawalowa bambo Lawford. Mkazi wawo anali pakhonde, mlonda anali pageti, onse akumva.

"Jobu, ine ndili ndi madigiri awiri. Iwe ndiwe ndani woti uzindiphunzitsa pamaso pa mlendo? Mawa unyamula matumbawa, ukathire kumunda ku Mitundu."

"Sindikathira."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindikathira, bwana. Mayi anu amandilandira ngati mwana wawo. Manja angawa sangakathire mchenga m'munda mwawo, ine ndikudziwa kuti ndi mchenga. Tumani wina."

"Ndiye ntchito yatha lero lomwe."

A Jobu sanapepese. Anatsuka ndowa ija, kuivundikira pamalo pake, kutenga njinga yawo, n'kutuluka pageti mutu uli m'mwamba.

Bambo Lawford anapita okha ku Mitundu. Analemba aganyu, munda wonse unathiridwa tsiku limodzi. Mlongo wawo atadandaula kuti fetelezayo akulemera modabwitsa, anamukalipira. Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Koma pofika Febuluwale, chimanga cha m'minda yoyandikana chinali chobiriwira, chotalika kuposa munthu, pamene chawo chinali chachikasu, cholekeza m'chiuno. Pa phando lililonse timiyala toyera tinali pomwepo, totsukidwa bwino ndi mvula.

Bambo Lawford anaimba foni ya Clive. Sinkapezeka. Anazungulira Area 1 yense, palibe amene ankamudziwa.

Pokolola, munda umene unkadzaza ngolo khumi ndi ziwiri unatulutsa ngolo imodzi ndi theka. Mlongo wawo anayamba kuyenda maganyu kuti ana adye. Mayi awo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Lawford, m'tauni monsemo munalibe munthu mmodzi woti akuchenjeze?" Bambo Lawford anayang'ana pansi.

Patapita sabata anafunsira mpaka anawapeza a Jobu ku Area 10, akugulitsa mbande za maluwa ndi mitengo m'mbali mwa msewu. Anaimitsa galimoto, kutsika, n'kuvula chipewa.

"A Jobu, ndinalakwa. Bwererani kuntchito. Malipiro ndikweza."

A Jobu anapitiriza kuthirira mbande zawo.

"Lero ndakhala 'a Jobu'? Kupepesa kwanu ndakumva, bwana, ndipo ndilibe nanu chifukwa. Koma kubwerera ayi. Zaka khumi ndi ziwiri munandikhulupirira ndi makiyi a nyumba yanu, koma munakana kundikhulupirira pa chinthu chimene maso anu omwe ankaona. Ngati mukufuna mbande, sankhani. Ngati simukufuna, sunthani galimotoyo, mukunditsekera makasitomala."

Bambo Lawford anasuntha galimoto.

Phunziro: Choona sichiyang'ana kuti wachinena wavala chiyani kapena analekeza kalasi yanji. Munthu wachilendo akabwera ndi katundu wotchipa modabwitsa, yesani kaye musanalandire. Yuriya weniweni amasungunuka yense m'madzi. Zikatsalira pansi ngakhale mwawonjezera madzi ndi kutakasa, dziwani kuti akuberani. Ndipo inu amene mukudziwa choona, musachibweze chifukwa choopa bwana. Tumizirani abale anu onse olima uthengawu mvula isanagwe.